Bwanji R4.35 ikusanduka masenti 434 mu pulogalamu?

Kamtedza_Yeoville
Abale a pa gulu, thandizeni. Ndi pulogalamu ya mainvoyisi a katundu wopita kumudzi, ya Python. Mtengo umalowa ngati float (nambala yokhala ndi kadontho), kenako int(mtengo * 100) kuti ndipeze masenti. R4.35 ikutuluka 434, R19.99 ikutuluka 1998, koma R4.25 ikubwera bwinobwino 425. Nayonso round(2.675, 2) ikupereka 2.67. Yadwala ndi Python kapena laputopu?

Tsabola
Palibe chadwala. Ikani round() m'malo mwa int(), mukagone.

Chisale_Midrand
Achimwene, 4.35 yanuyo sinalowe n'komwe m'kompyuta. Python itangowerenga malembawo, inafuna nambala ya binary (ya 0 ndi 1 okha) yoyandikana nayo kwambiri yokwana m'mabiti 64, ndipo inapeza 4.3499999999999996447 ndi madijiti ena kutsogoloko. Mukachulukitsa ndi 100 mumapeza 434.99999999999994. Tsono int() sirawunda, imangodula zonse za kumanja kwa kadontho, n'kutsala 434.

R4.25 yapulumuka chifukwa ndi 17/4, ndipo 4 ndi 2 × 2. Kachigawo kamatha bwino mu binary pokhapokha nambala yapansi ikakhala 2, 4, 8, 16, motero. Pa masenti onse kuyambira .00 mpaka .99, amene amasungika ndendende ndi anayi okha: .00, .25, .50 ndi .75. Ena onse 96 ndi oyerekeza, ena apamwamba pang'ono, ena apansi. 2.675 yanu inagwera pansi, inasungidwa ngati 2.67499999999999982, ndiye round() sinalakwe, yarawunda zimene inapatsidwa.

Wophunzira_Braam
Bambo Chisale, zimenezi zimabwera pa mayeso a computer architecture. Mungatiyendetse pamanja, pa pepala, momwe nambala imalowera m'mabiti 32?

Chisale_Midrand
Titenge 13.625, poti imatha bwino.

Gawo lathunthu muziligawa ndi 2 n'kumasunga zotsala. 13 ipereka 6 kutsala 1, 6 ipereka 3 kutsala 0, 3 ipereka 1 kutsala 1, 1 ipereka 0 kutsala 1. Zotsalazo muwerenge kuchokera kumapeto: 1101. Kachigawo ndiye kochulukitsa ndi 2, n'kumatola nambala ya kumanzere kwa kadontho. 0.625 × 2 ndi 1.25, tolani 1. 0.25 × 2 ndi 0.5, tolani 0. 0.5 × 2 ndi 1.0, tolani 1, zatha. Izi muwerenge mmene zabwerera: .101. Zonse pamodzi 1101.101.

Sunthani kadontho kupita kumanzere mpaka kutsogolo kutsale 1 mmodzi: 1.101101 × 2^3. Mu float ya IEEE 754, lamulo limene makompyuta amatsata posunga ma float, muli biti imodzi ya chizindikiro, mabiti 8 a exponent ndi 23 a kachigawo. Chizindikiro ndi 0 poti nambala si ya minus. Exponent sisungidwa ngati 3, mumawonjezera bias ya 127, ikhale 130, yomwe ndi 10000010. Pa kachigawo, 1 wa kutsogolo uja salembedwa chifukwa amakhalapo nthawi zonse, mumangolemba 101101 n'kudzazitsa maziro mpaka akwane 23. Mukazidula zinayizinayi n'kulemba gulu lililonse ngati dijiti imodzi ya hex, mupeza 0x415A0000.

Tsono yesani 0.1. Kuchulukitsa kumapita 0.2, 0.4, 0.8, 1.6, 1.2, kenako 0.4 yabweranso, ndiye mwalowa m'bwalo lopanda khomo: 0.000110011001100 osatha. Imakhala 1.100110011 ndi kupitirira × 2^-4, exponent 123. Mabiti 23 akadzaza, otsalira kunja amayamba ndi 11, kutanthauza kuposa theka, ndiye biti yomaliza imakwezedwa. N'chifukwa chake imathera ndi D: 0x3DCCCCCD, yomwe mtengo wake weniweni ndi 0.100000001490116119384765625. Pa double, float ya mabiti 64 imene Python imagwiritsa ntchito, njira ndi yomweyi, kungoti exponent ndi mabiti 11, bias 1023, kachigawo mabiti 52, ndipo 0.1 imakhala 0x3FB999999999999A.

Nayi yanu yobwerera nayo: 0xC0E80000 ndi nambala yanji?

Wophunzira_Braam
Chizindikiro 1, exponent 10000001 ndi 129, kuchotsa 127 kutsala 2. Kachigawo 1101 ndi 0.8125. Kuchulukitsa ndi 4, yankho -3.25.

Madala_COBOL
Mwanawe, 1 wobisika uja wamusiya m'taxi? 1.8125 × 4. Ndi -7.25.

NaNgozo
Ndibwerere kwa a Tsabola, chifukwa malangizo awowo ndi amene amavutitsa anthu kumapeto kwa mwezi. Yesani round(1.005 * 100). Mupeza 100, osati 101, chifukwa 1.005 × 100 imatuluka 100.49999999999999. Ndalama zisakhudze float ngakhale kamodzi. Mtengo ukamachokera pa fomu kapena pa CSV umabwera ngati malembo, ndiye upite ku Decimal, mtundu wa Python wowerengera mu desimali, uli malembo omwewo: Decimal("4.35"). Ambiri amalemba Decimal(4.35) popanda zizindikiro zogwira mawu n'kumaganiza kuti atetezeka, koma pamenepo Python yayamba kale yasandutsa 4.35 kukhala float, ndipo Decimal ingokusungirani mokhulupirika 4.3499999999999996447 yonse. Madzi akatayika saoleka. Ku Java n'chimodzimodzi, new BigDecimal("0.1") ndi new BigDecimal(0.1) ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tsabola
Mayi, ndani amagulitsa chinthu R1.005? Funso linali la mitengo ya madijiti awiri kumanja kwa kadontho. Pamenepo round() siphonya.

Nyasa_Cpp
Apa a Tsabola akunena zoona, tisawakanire. Nambala ya desimali ya madijiti 15 kapena kucheperapo ikalowa mu double n'kutulukanso pa madijiti omwewo, imabwera momwe inalowera. Mtengo wa madijiti awiri kumanja kwa kadontho wosafika mabiliyoni, round(x * 100) iubweza ndithu.

NaNgozo
Mtengo wolowa, inde. Nanga VAT ya 15%? Nanga kuchotsera 2.5%, nanga reti ya randi ku kwacha? Dijiti yachitatu imabadwira m'kati mwa mawerengero, ndipo ikagwera pa 5 ndi pamene float imasankha mbali mwa iyo yokha, inu osadziwa. R43.50 × 0.15 ndi 6.525 ndendende. Ikwere kapena itsike? Limenelo ndi lamulo la bizinesi, liyenera kulembedwa ndi munthu, osati kusiyira biti ya nambala 53.

Mukagwira ntchito ndi masenti athunthu zimaoneka poyera: 4350 × 15 ndi 65250, wonjezerani 50, gawani ndi 100 n'kutaya chotsala, mupeza 653. Samalani ndi ma credit note, pa nambala za minus kuwonjezera 50 kumakankhira mbali yolakwika, rawundani kukula kwake kaye kenako mubwezere chizindikiro.

Palinso kusiyana kumene anthu amanamizira binary koma si iyo. Zinthu 10 za R4.35: mukawerengera VAT chimodzichimodzi ndi 0.6525, kurawunda 0.65, zonse 6.50. Mukawerengera pa thotolo ndi 6.53. Masenti atatu amenewo adzakhalapo ngakhale muwerengere ndi pensulo. Sankhani njira imodzi, pulogalamu yonse izitsata imeneyo.

Madala_COBOL
COMP-3, njira ya chinenero cha COBOL yosungira manambala. Dijiti iliyonse mabiti 4, kadontho kongoganizira pamalo amodzi. Mabanki akhala akuwerenga ndalama choncho ana inu musanabadwe. IBM inafika poika decimal floating point m'purosesa momwe, POWER6 mu 2007, z10 mu 2008. Inu mukadali kukangana za round().

Nyasa_Cpp
Madala, desimali nayo ili ndi malire ake. Kuchotsa VAT pa mtengo wophatikiza kale ndi 15/115, sikutha ngakhale mu desimali. Kungoti imaphonya pamalo pamene wowerengera ndalama amayembekezera. IEEE 754 ya 2008 inabweretsa decimal32, decimal64 ndi decimal128, za madijiti 7, 16 ndi 34, koma mapurosesa a Intel, AMD ndi ARM amene tili nawowa amazichita ndi software basi.

Mai_a_Tadala
Pepani pokudulani, alipo akukwera basi ya Blantyre Loweruka ku Park Station? Ndili ndi kakatundu kochepa.

Mlonda_wa_Gulu
Mayi, za maulendo zili ndi gulu lake lija. Kuno tizisiya za makompyuta.

Fundi_Germiston
Kwa amene amagwira za ma PLC (timakompyuta toyendetsa makina) ndi mamita m'mafakitale, vuto lomweli limavala malaya ena. Modbus, njira imene zipangizozi zimalankhulirana, imanyamula ma register a mabiti 16, ndiye float imodzi imagawidwa pawiri, ndipo opanga zipangizo sagwirizana kuti theka loyamba ndi liti. Tengani 0x415A0000 ya a Chisale. Matheka akasinthana imakhala 0x0000415A, exponent yonse maziro, nambala ya subnormal (yaing'onoting'ono, yopanda 1 wobisika uja) pafupifupi 2.3e-41. Pa sikirini muona 0.00 n'kumakaikira sensa yabwinobwino. Mukaona ziro wosasuntha kapena nambala yolumphalumpha mopenga, werengani ma register awiriwo mu hex kaye musanakwere makwerero.

China ndi totalizer, chophatikiza madzi onse amene adutsa pa mita. Mukamawonjezera 0.1 pa REAL, float ya mabiti 32 ya PLC, mpata wa pakati pa manambala oyandikana umakula pamene thotolo ikukula. Kuyambira 1048576 mpatawo ndi 0.125, ndiye 0.1 iliyonse imalowa ngati 0.125, mita ikunama ndi 25%. Ikafika 2097152 mpata ndi 0.25, 0.1 sifika theka lake, thotolo imaima osasunthanso madzi akudutsa. Werengani ma pulse mu DINT (nambala yathunthu ya mabiti 32), kuchulukitsa muzichita pongoonetsa.

Tsabola
Ndiye zija za Patriot, chida cha America chotchinga mizinga ya adani, chimene chinaphonya mzinga ku Dhahran, Saudi Arabia, mu 1991, float inapha asilikali 28.

Madala_COBOL
Sinali float. Inali register ya fixed point (kadontho kosasuntha) ya mabiti 24. Wotchi inkawerenga magawo khumi a sekondi, n'kuchulukitsa ndi 0.1 yodulidwa. Patapita maola 100 ikuyaka inali itasochera pafupifupi masekondi 0.34. Muzu ndi womwewo wa 0.1 yosatha mu binary, koma tchulani chinthu ndi dzina lake.

Wophunzira_Braam
Chikundisokoneza n'chakuti, ngati 0.1 sili ndendende, bwanji print(0.1) imalemba 0.1, koma 0.1 + 0.2 imalemba 0.30000000000000004? Ikubisa pena, pena ayi?

Nyasa_Cpp
Funso labwino kuposa loyamba lija. Kuchoka ku binary kupita ku desimali kuli mayankho atatu, malinga ndi chimene mwafunsa.

Loyamba, mtengo weniweni. Double iliyonse imatha mu desimali, chifukwa 2 amagawa 10. Ya 0.1 ndi 0.1000000000000000055511151231257827021181583404541015625, madijiti 55 kumanja kwa kadontho, ndipo pali ma double ena ofuna madijiti 767, osawerengera maziro akutsogolo. Lachiwiri, madijiti okwanira kuti mukawerenganso mupeze mabiti omwewo: 17 pa double, 9 pa float. N'chifukwa chake %.17g mu C imalemba 0.10000000000000001. Yonyansa, koma yotetezeka. Lachitatu ndi limene Python yakhala ikuchita kuyambira 3.1, JavaScript nayonso: kulemba malembo aafupi kwambiri amene akawerengedwanso abwerera ku double yomweyo. Malembo "0.1" amabwerera ku 0x3FB999999999999A, ndiye palibe chifukwa chotalikitsira.

Tsono 0.1 + 0.2. Onse awiri anasungidwa okwera pang'ono, ndipo yankho lawo likarawundidwa limagwera pa 0.3000000000000000444. Koma double yoyandikana kwambiri ndi 0.3 ndi 0.2999999999999999888, mnansi wake wapansi. Ikanalemba "0.3" ikanakhala ikutchula nambala ina, ndiye imatalikitsa mpaka zisiyane. Sikubisa kanthu, lamulo ndi limodzi pa zonse ziwiri.

Kupeza malembo aafupiwo mwachangu si masewera. Steele ndi White anafalitsa Dragon4 mu 1990, yogwiritsa ntchito manambala aakulu a mabiti mazanamazana, yolondola koma yochedwa. Chaka chomwecho David Gay analemba dtoa (yolemba double m'malembo) ndi strtod (yowerenga malembo kukhala double) zimene mapulogalamu ambiri anazitengera. Grisu ya Florian Loitsch ya 2010 imagwira ndi mabiti 64, ndipo Grisu3 imadziwa yokha ikalephera, pa manambala pafupifupi 0.5%, n'kupereka ntchito ku njira yochedwa ija. Ryu ya Ulf Adams ya 2018 inachotsa kubwerera m'mbuyoko. Mu C++17 ingoitanani std::to_chars.

Fundi_Germiston
Nanga pa kachipangizo kopanda laibulale yonseyo? Pa Arduino Uno double ndi mabiti 32 omwewo, ndipo sprintf ya %f imangolemba chizindikiro cha funso. Ambiri timalemba kathu kowerengera manambala ochokera pa serial.

Nyasa_Cpp
Polemba pali dtostrf. Powerenga, cholakwa chofala n'kutenga dijiti iliyonse n'kuichulukitsa ndi 0.1, 0.01, motero, n'kumaphatikiza. Sitepe iliyonse imarawunda payokha. Ngakhale "0.3" yokha, 3 × 0.1 ipereka 0.30000000000000004, pamene 3 / 10 ipereka double yoyenera. Njira yabwino: sonkhanitsani madijiti onse mu integer, werengani kuti kumanja kwa kadontho kunali angati, gawani kamodzi kokha. "4.35" ikhale 435 / 100. Clinger anaonetsa mu 1990 kuti pa double, integer ikakhala yosaposa 2^53 ndipo 10 wake sapitirira 10^22, kugawa kapena kuchulukitsa kamodziko kumapereka yankho lolondola, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndendende. 10^23 ndiye sikwana, imasungidwa ngati 99999999999999991611392. Pa float ya mabiti 32 malirewo ndi 2^24 ndi 10^10.

Kupitirira pamenepo musalembe nokha. Nambala ikagwera pafupi kwambiri ndi pakatikati pa ma double awiri, dijiti ya kutali kwambiri ndiyo imagamula. Kumayambiriro kwa 2011 PHP inkazungulira kosatha ikapatsidwa 2.2250738585072011e-308 pa makina a mabiti 32, chifukwa ma register a x87, gawo la purosesa lowerengera ma float, amasunga mabiti 80 ndipo lupu yoyembekezera kuti nambala isinthe sinkatha. Java inapezeka ndi vuto lofanana pa 2.2250738585072012e-308. Manambala onsewa ali pamalire a normal ndi subnormal. Munthu ankatha kugwetsa seva pongotumiza malembo amenewo.

Tsabola
Zonsezi chifukwa cha senti imodzi ya a Kamtedza. Ku shopu 5c yomwe sakubwezanso.

NaNgozo
Ku till sabweza, koma buku la maakaunti likasiyana ndi senti imodzi silitsekedwa.

Wina atchule za comma, chifukwa kuno ku Joni imaluma kuposa binary. Windows yochunidwa ku South Africa imalemba 4,35. Mukatulutsa CSV mu Excel pa kompyuta yotero, float("4,35") ya Python imakana poyera, zomwe zili bwino. Koma parseFloat ya JavaScript imangobweza 4 mwakachetechete, strtod ya C nayonso imaima pa comma ngati locale ili ya kadontho. Masenti onse apita popanda uthenga uliwonse. Mu C muziona pointer imene strtod imakupatsani yosonyeza pamene yaima, ngati yafika kumapeto kwa malembo.

Excel yomweyo imasunga madijiti 15 okha. Nambala ya ID ya kuno ili ndi 13, imakwana, ngakhale ziro wa kutsogolo wa obadwa m'ma 2000 amagwa. Nambala ya khadi ya madijiti 16 imataya yomaliza, imasanduka 0. Zimenezo si manambala owerengera, column ikhale Text musanaziike.

Nyasa_Cpp
JSON nayonso. Mu JavaScript 9007199254740993 imawerengedwa 9007199254740992. Ma ID aakulu azitumizidwa ngati malembo.

Wophunzira_Braam
Ndayesa 0.125, yomwe ili ndendende. Python round(0.125, 2) yapereka 0.12, JavaScript toFixed(2) yapereka 0.13. Wolakwa ndani?

Chisale_Midrand
Palibe. Apa palibe za kuyerekeza, nambala ili pakatikati penipeni, ndiye ndi lamulo losiyana. Python imapita ku dijiti ya even, n'chifukwa chake round(2.5) ndi 2 koma round(3.5) ndi 4. Ndi lamulo lomwe IEEE 754 imatsata pa mabiti, kuti zolakwika zisamapendekere mbali imodzi. toFixed imasankha yokulirapo, ROUND ya Excel imathawa ziro. Ndipo a Kamtedza amve apa: Decimal ya Python nayonso imayambira pa ROUND_HALF_EVEN. Mukafuna kurawunda kwa kusukulu, nenani poyera: quantize(Decimal("0.01"), rounding=ROUND_HALF_UP).

Kamtedza_Yeoville
Zikomo nonse, ndasankha masenti mu integer. Nanga mitengo imene ili kale mu database ngati float? Mwina ndingosintha column kukhala DECIMAL(12,2)? Ndi SQLite, ndipo mainvoyisi ena ali mu kwacha.

NaNgozo
Pa SQLite musadzinamize. Imavomera kuti mulembe DECIMAL(12,2) koma ilibe mtundu umenewo, 4.35 idzasungidwabe ngati REAL ya mabaiti 8. Pangani column yatsopano ya INTEGER. Pa mzere uliwonse tengani Decimal(repr(x)), chitani quantize ku madijiti awiri kumanja kwa kadontho, chulukitsani ndi 100. Musanafafanize yakale, tulutsani mizere yonse imene x × 100 yatalikirana ndi nambala yathunthu kuposa 0.001. Imeneyo ndi ija munasunga VAT kapena reti yosarawunda, muione ndi maso poyerekeza ndi invoyisi imene kasitomala analandira. Ikaninso column ya mtundu wa ndalama, ZAR kapena MWK, matambala ndi masenti asasakanikirane. Reti isungidwe payokha ngati malembo, ndi madijiti onse amene munapatsidwa.

Chisale_Midrand
Mwayi wanu ndi woti SQLite ndi ya mabaiti 8. Amene ali pa MySQL ndi column ya FLOAT, kapena real ya PostgreSQL, amenewo ndi mabaiti 4. Kuyambira 131072 mpata wa float ndi 0.015625, woposa tambala imodzi, ndiye mitengo iwiri yosiyana imatha kugwera pa mabiti amodzimodzi ndipo palibe script ingaibweze. Kupitirira 16777216 ngakhale kwacha yathunthu imayamba kudumphidwa. Pa randi mwina simufikako msanga, koma pa kwacha K131,072 ndi invoyisi wamba. Zikatero mitengo ichokerenso pa mapepala kapena ma PDF amene anatumizidwa.

Fundi_Germiston
Ndipo musapusitsidwe poisandutsa float yakaleyo kukhala double. 0.1 ya mabiti 32 ikakwezedwa imakhala 0.10000000149011612, siibwerera ku 0.1. Irawundeni ku madijiti awiri kumanja kwa kadontho kaye, kenako muisamutse.

Madala_COBOL
Backup kaye, Kamtedza. Kenako phatikizani column yakale ndi yatsopano mwezi ndi mwezi, muone pamene zasiyana.